Nsalu Yoyera ya a Kaliwo

Sindikumbuka chaka chimene ndinachoka pasukulu ya zaluso ija. Chimene ndikukumbuka n'chakuti ndinachoka nditakwiya, ndipo mkwiyowo ndinayenda nawo zaka zonse zimene ndikufuna kukusimbiranizi.

Pasukulupo ndinali katswiri wojambula, sikuti ndikudzitama ayi. Ndikajambula nkhope ya munthu, mayi ake ankatha kuizindikira ali patali. Koma chaka chomaliza aphunzitsi athu, a Kaliwo, anatiuza kuti aliyense aganize ntchito ya luso yoti anthu wamba aipange nawo ndi manja awo, osati kungobwera kudzaonerera. Anzanga anapeza maganizo msanga. Wina anati aumba zidole zadothi ndi odwala a kuchipatala, wina anati aluka chinsomba chachikulu cha majumbo ndi amayi a pamsika. Ine ndinkabwera ndi ganizo m'mawa, a Kaliwo n'kulipha dzuwa lisanafike pamutu.

"Apa anthu achita chiyani?" ankafunsa choncho, pepala langa ataliyandikiza pamphuno penipeni, chifukwa ng'ala inali itayamba kale kuwaphimba maso.

"Adzapaka utoto m'mizere imene ndajambulayo."

"Ndiye kuti ukufuna aganyu. Vuto lako iwe n'loti umajambula bwino."

Tamvani zimenezo! Munthu wakhala zaka akundiphunzitsa kujambula bwino, lero akuti vuto ndi lomwelo.

Tsiku lina a Kaliwo anatsegula kabati yawo n'kutulutsa nsalu yoyera mbee, yaitali moti poitambasula inadutsa pakhomo n'kukafika pakhonde. Anati ndiitenge, ndipite nayo kulikonse kumene ndingafune. Lamulo linali limodzi: ine ndisaikepo dzanja langa, anthu ndiwo aikepo awo, mwa kufuna kwawo. Ikadzadzaza ndibwere nayo, ndipo tsiku limenelo ndiye ndidzamalize sukulu.

"Koma usachedwe," anatero akupukuta magalasi amene sankawathandizanso kwenikweni. "Masowa akundithawa. Ndikufuna ndidzaione ndisanalowe mumdima."

A Kaliwo anali munthu wovuta, koma ndi iwo amene anandipeza ndikujambula ndi makala kuseri kwa golosale ya amalume n'kunditengera kusukulu. Ndinkafuna aone ntchito yanga ndi maso awo, kamodzi kokha, anene kuti ndakhoza. Choncho ndinakulunga nsalu, ndinalongedza mabulashi ndi zitini za penti, n'kukwera basi yoyamba imene inaima.

Ndinatsikira patauni ina ya pamphambano, ya sitolo zoyang'anizana ndi chigayo cholira tsiku lonse. Padepoti panali mayi wogulitsa nthochi, wa dzino lobenthuka, amene anandiyang'ana ngati tinasiyana dzulo. Nditamufunsa kumene anthu amasonkhana, anandilozera ndi mlomo pansi pa mtengo wa mango.

Ndinayala nsalu, ndinatsegula zitini, ndipo anthu anabweradi. Anabwera ndi mipando yawo, n'kukhala m'mizere, abambo kutsogolo, amayi kumbuyo, onse manja pamiyendo.

"Asisi, ndinu a bungwe liti?" anafunsa bambo wina wovala jekete dzuwa likuswa mtengo. Dzina lawo anali a Mwambakulu.

"Si bungwe ayi, bambo. Ndine mwana wa sukulu. Ndikungopempha kuti aliyense atenge bulashi, ajambule chimene chili kumtima kwake."

Onse anagwedeza mitu mwaulemu. Palibe amene ananyamuka.

"Ganizo ndi labwino zedi," a Mwambakulu anatero. "Koma chitukuko chopanda komiti sichiyenda. Mutu umodzi susenza denga."

Ndinkayesa akuseka. Pamene dzuwa linkapendeka tinali ndi wapampando, amene anali a Mwambakulu omwewo, wachiwiri wawo, mlembi, msungichuma wa chuma chimene panalibe, ndi mamembala apadera oyang'anira mabulashi. Komiti inagamula kuti nsalu ikasungidwe kwa wapampando kufikira tsiku lokhazikitsa ntchito. Tsikulo silinkakhazikika pamodzi. Sabata ino kuli maliro, sabata yamawa mlendo wolemekezeka sanayankhe, inayo mlembi wapita kumudzi kukaona mkazi wake.

Kuti ndisafe ndi njala ndinalowa ntchito kwa bambo wolemba zikwangwani. Kumeneko ndinaphunzira kujambula mitu ya pamalo ometera ndi nkhuku zomwetulira za pamalesitilanti, ngati kuti ilipo nkhuku imene imasekerera ikuona mpeni. Ndinajambula mitu yambiri m'tauni imeneyo, koma nsalu yanga sindinaione kufikira tsiku la ukwati wa mwana wa a Mwambakulu. Ndinaipeza itamangidwa pamitengo inayi, ikutchingira dzuwa akwati. Perekaniperekani ali mkati kunabwera kamvuluvulu, nsalu inafufuma, n'kung'ambika kuyambira pakona.

Ndinalalata tsiku limenelo, mpaka woulutsa mawu anazimitsa chimkuzamawu chake kuti anthu andimve bwino. A Mwambakulu anapepesa chipewa chili pamtima. M'mawa mwake anabwera nayo atakaisoketsa kwa telala wa pakhonde la sitolo, msoko wa makina, wowongoka, wobwereza kawiri. Inalinso ndi madontho a zakumwa ndi mafuta a mpunga wa paukwati. Ndinaichapa mpaka zala kusupuka, chifukwa nsalu yojambulapo iyenera kukhala yoyera, kenako ndinachoka osatsanzika komiti.

Basi inayenda tsiku kapena mwezi, sindikudziwa. Pamene ndinatsika, padepoti panali mayi wa nthochi yemwe uja, dzino lomwelo, lichero lomwelo.

"Aphunzitsi anu aja akuti zilembo sakuzionanso," anatero akundisankhira nthochi.

Sindinamufunse kuti wadziwa bwanji. M'zaka zimenezo zinthu zotere sizinkandidabwitsa. Chimene chinkandidabwitsa ndi munthu wamkulu, wa manja awiri abwinobwino, kuopa kabulashi.

Ndinaganiza kuti vuto ndi bulashiyo, ndipo ndikukwera njira yopita kumudzi wina wa m'phiri ndinapeza ganizo limene ndinaliona kuti ndi lapamwamba kuposa onse. Ndinkayenda ndikudziyamikira ndekha. Ndinakaima pamjigo, pamene panali anthu ambiri, n'kufotokoza. Aliyense atape dothi la pabwalo pake, pamene amaponda tsiku ndi tsiku. Dothilo tilisakanize ndi madzi, munthu aviikemo dzanja, adinde pansalu. Onse akatha, ine ndipita nayo.

Anthu anayang'anizana. Ngakhale amene ankapopa madzi anasiya. Mayi wina anakokera mwana wake kumbuyo kwa chitenje. Potsiriza bambo wina wokonza njinga, amene anabwera kudzaviika chubu m'beseni, anapukuta manja n'kundiyandikira.

"Achemwali, tiyeni tibwereze bwinobwino, mwina makutu angawa. Mukufuna dothi la m'mapazi mwathu?"

"Eya."

"Mukufunanso manja athu?"

"Eya."

"Pansalu yoyera ngati yokulungira maliro. Ndiye mupite nazo kumene ife sitikukudziwa."

"Eya," ndinatero, koma mawu anga anali atachepa.

"Mhm," anatero bamboyo, n'kubwerera ku chubu chake.

Apa m'pamene ndinazimva ndi makutu awo. Ine wobadwira m'dziko lomwe lino, amene mayi anga ankandikalipira ndikasiya tsitsi lometa poyera, ndinakaima pamjigo kupempha mudzi wonse kuti undipatse mapazi ake. Ndani sadziwa kuti wotapa dothi la paphazi la mnzake amafuna kumuchita chipongwe? Manyazi anandigwira, koma mkwiyo unaposa manyazi, chifukwa ganizolo likanaoneka bwino kwambiri pansalu.

Sanandithamangitse tsiku lomwelo, poti mvula inatseka njira. Anandigoneka m'kalasi ya sukulu, ndipo ana ankandisuzumira pazenera n'kuthawa. Koma dzuwa litangotuluka, ndinamva kuodira pakhomo. Anali amayi atatu, ataima patali, wamkulu wawo Nasiwelo akulankhula maso ali pansi.

"Pepani amayi, mphasa zathu zanyowa, ndiye ufa uli m'madengu ukuyamba kununkha. Timati mutibwerekeko nsalu ija."

Nsalu imene dzulo inali ya ufiti, lero ndi yabwino kuyanikapo ufa! Ndinafuna kukana, koma anali atagwira kale kumapeto kwake. Masiku otsatira ndinakhala mlonda wa ufa wa eni, kamtengo kali m'manja, ndikuingitsa nkhuku. Ndinaphunzira kuzindikira ufa wouma poufumbata, luso limene sindinalipemphe. Nkhuku ndinazigonjetsa, koma mbuzi inandizembera n'kudya pakati penipeni pa nsalu. Nasiwelo anagwira pakamwa. Madzulo anabwera nayo ataikapo chigamba cha thumba la ufa, atasoka ndi dzanja, timisoko ting'onoting'ono tothinana ngati mano a mwana. Atatero anauza wokonza njinga uja kuti andikweze mpaka kumalire a mudzi, ndipo anaimirira pamsewu kuonetsetsa kuti ndapitadi.

Pamtsinje woyamba ndinachapa nsalu, ufa wonse ndi mapazi a nkhuku zinachoka.

Kenako ndinakhala nthawi pamalo ena a njanji, pamene sitima inasiya kalekale kuima koma anthu ankabwerabe kudzakhala pamabenchi. Anthu a kumeneko anali aulemu wotopetsa. Sanafunse za bungwe, sanaope nsalu. Anaizungulira, anaiyamikira kuyera kwake, ndipo nditawapatsa mabulashi anawalandira ndi manja awiri.

"Tijambule chiyani, aphunzitsi?"

"Si ine mphunzitsi. Jambulani chilichonse."

"Chilichonse chake chiti?"

"Chimene mukufuna inuyo."

"Ife tikufuna chimene mukufuna inuyo."

Tinazungulira choncho mpaka mutu unandiwawa. Potsiriza mmodzi anawomba m'manja, ati wapeza nzeru. "Dikirani, tikuitanireni Likisho. Amene uja ndiye amatha zimenezi." Likisho anali wosoka nsapato, koma ndi iye anajambula mkango wa pakhoma la malo omwera tiyi. Anabwera, anayeza nsalu ndi mapazi, n'kunena kuti mkango ukwana bwino, mchira ukathera uko. Anthu anakhala pansi kuti aonerere.

"Ayi!" ndinakuwa. "Aliyense ajambule. Aliyense!"

"Ngakhale ife osadziwafe?" anafunsa mayi wina modandaula. "Ndiye ionongekatu nsalu yabwinobwinoyi. Inu simukuimvera chisoni?"

Anandibwezera mabulashi, ndi manja awiri omwe aja. Ankaiteteza nsaluyo kwa iwo eni, ndipo ankaona ngati akundichitira chifundo. Ndinakhala pabenchi ya sitima, ndikulakalaka sitimayo itabwera kudzanditenga.

Loweruka lake kunabwera anthu oonetsa kanema wa mpira, ndipo khoma la pamalopo linali lakuda ndi utsi. Sindikudziwa amene anawauza za ine. Pamene ndinkabwera kuchokera kosamba, nsalu yanga inali itakhomedwa ndi misomali, anyamata ovala zofiira akuthamanga pamwamba pake. Anthu omwe aja, oopa kuiononga ndi kadontho ka penti, chigoli chitalowa anailumphira, kuipsompsona, kuimenya ndi zikhato, ena kukumbatira wogoletsayo mpaka nsalu inazuka pamisomali yonse. M'mphepete monse munali mabowo. Likisho anaitenga n'kukasoka bowo lililonse ndi ulusi wake wa nsapato, wopaka phula, wolimba ngati waya.

"Apa ndiye sidzang'ambikanso, ngakhale mutaikoka ndi ng'ombe," anatero monyadira. "Koma za mkango zija mukasintha maganizo, mundipeza."

Ndinachapa zikhato zawo zonse, thukuta ndi fumbi, ndikutukwana chamumtima.

Padepoti yotsatira mayi wa nthochi anati, "Pano akuti nkhope za anthu akuziona ngati maungu." Ndinagula nthochi koma sindinazidye. Usana wonse ndinkaona a Kaliwo akupukuta magalasi aja, ndipo mantha anandigwira kuti ndikuchedwa.

Ndiye ndinayamba kuthamanga, ndipo maganizo ankabwera ambirimbiri. Pamudzi wina ndinati tiziimba nyimbo, aliyense azijambula motsatira nyimboyo. Anaimba bwino kwambiri, anavina mpaka fumbi koboo, bulashi osaikhudza. Pena ndinati ndiyambe ndi ana, koma makolo anawasambitsa, kuwaveka zovala za kutchalitchi, n'kuwaopseza kuti wobwera ndi dontho la penti aona zakuda. Pamsika wina ndinaganiza kuti mwina chowaopsa ndine, choncho ndinayala nsalu, ndinatsegula zitini, n'kukabisala kuseri kwa mulu wa kabichi. Anthu anaima, anayang'ana uku ndi uku. Kenako anatseka zitini bwinobwino, anapinda nsalu mwaluso, n'kuyamba kufunsana mwini wake. Anandipeza madzulo, gulu lonse, akusangalala.

"Mwaiwala katundu wanu, asisi. Mwayi wanu kuno kulibe akuba."

Ndinawathokoza. Nanga ndikanatani?

Dzinja lina linandipeza kudera la minda ya fodya, mlatho utakokoloka. Ndinali nditabisala mvula m'chigafa pamene ndinamva anthu akuthamanga. Mkazi woyembekezera wa bambo wina wosoka mabelo a fodya matenda anali atamuyamba, ndipo galimoto silikanatha kuwoloka. Machira panalibe. Bamboyo anaona mtolo wanga, ndipo sanapemphe n'komwe. Anamangirira nsalu kumtengo wautali, anagonekamo mkazi wake, amuna anayi n'kunyamula. Ine ndinkathamanga pambuyo pawo m'matope, zitini zikulira m'chikwama, ndikukuwa kuti asamale, osadziwa ngati ndikunena mayiyo kapena nsalu. Mayiyo anachira tisanafike kuchipatala, pansi pa mtengo, amayi atatchinga ndi mbali ina ya nsalu yomweyo. Mwana analira, anthu analulutira, ndipo inenso ndinapezeka ndikulira, ngakhale ndinaona bwinobwino kuti nsalu yang'ambika pamene panali mfundo.

Bamboyo anaisoka ndi chisingano chake cha mabelo, misoko ikuluikulu yodumphadumpha, manja akunjenjemera ndi chimwemwe. Anandifunsa dzina langa kuti amutche mwanayo. Ndinamuuza, anthu onse anagwedeza mitu, koma mwanayo anamutcha Chinsalu.

Magazi sachoka msanga. Ndinakhala miyezi ndi amayi ochapa zovala kuseri kwa chipatala, ndipo anandiphunzitsa ntchito yawo: madzi ozizira poyamba, osati otentha, kenako mchere, phulusa, mandimu, n'kuyanika paudzu kuti mame ndi dzuwa zimalize. Ndinakhala katswiri. Panalibe dontho limene likanandikanika. Pochoka kumeneko nsalu inali yoyera kuposa tsiku limene a Kaliwo anaitulutsa m'kabati.

Zaka zinapita mwa njira imeneyo. Matauni ankafanana, midzi inkabwerezana, ndipo kulikonse nsalu inkapeza ntchito imene sindinaitume. Inatchinga chimbudzi cha pamsonkhano wa mpingo, inaphimba matumba a chimanga pa lole, inakhala khoma pakati pa mabanja awiri ogona m'kalasi imodzi madzi atasefukira. Ankaibwereka, ankaing'amba, ankapepesa, ankaisoka, ine n'kuchapa. Penti anauma m'zitini n'kusanduka miyala, ndipo ndinkainyamulabe. Mabulashi anatha imodziimodzi, yomaliza ndinaiona ikupaka laimu pamitengo ya kutsogolo kwa ofesi ina. Paja amati walira mvula walira matope. Ine ndinalira anthu, ndipo anthu ndinawapezadi.

Tsiku lina ndinatsika basi pamalo opanda nyumba, pongokhala mtengo umodzi wa minga. Mayi wa nthochi anali pansi pake. Tsitsi lake linali litachita imvi, ndipo nditadzigwira kumutu ndinazindikira kuti langanso layamba.

"Pano akungosiyanitsa usana ndi usiku," anatero. Sanandisankhire nthochi.

Ndinamasula mtolo, ndinatambasula nsalu, ndinaiyang'ana. Yoyera mbee, yopanda ngakhale kadontho. Zaka zonsezo! Zinandikwana. Ndinaikola paminga, ndinaikoka ndi mphamvu zanga zonse, ndikutchula a Mwambakulu ndi komiti yawo, Likisho ndi mkango wake, mbuzi ija, ndi a Kaliwo amene. Inang'ambika kutalika kwa mikono ingapo. Mkwiyo utaphwa ndinakhala pansi ndikuwefuka. Panalibe wopepesa, panalibe wobwera nayo m'mawa ataisoka. Ndinatulutsa singano yosokera mabatani, ndinasoka ndekha, ndikudziwa kuti ndikuswa lamulo limodzi lokha limene ndinapatsidwa. Popinda ndinabisa msokowo mkati mwenimweni, n'kukwera basi yobwerera.

Sukulu ndinaipeza pamalo pake, koma itachepa, monga zimachitira nyumba zimene unazisiya uli mwana. Anandiuza kuti a Kaliwo anapuma ntchito ndipo akukhala m'kanyumba ka kuseri kwa bwalo la mpira. Ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza, mtedza wina atauyanika pabwalo. Magalasi anali atawasiya. Maso awo anali oyera ngati katundu amene ndinanyamulayo.

"Odi, aphunzitsi."

Anatembenuza khutu, osati nkhope. "Mayendedwe amenewo ndi a munthu wokwiya. Wabwera?"

"Ndabwera. Koma musavutike, palibe chimene mwaphonya. Ndi yoyera ngati mmene munandipatsira. Anthu anu aja safuna kujambula. Amafuna komiti, amafuna mthunzi, amafuna poyanika ufa. Ndayesa zonse, aphunzitsi, zonse, ndipo ndalephera. Ndangobwera kudzakubwezerani nsalu yanu."

"Bwera nayo kuno."

Ndinaiika pamiyendo pawo. Anasasa makoko a mtedza m'manja, n'kuyamba kuisisita pang'onopang'ono kuchokera pakona. Zala zawo zinaima.

"Uyu ndani?"

"Ameneyo ndi telala. Inang'ambika paukwati wa mwana wa wapampando wa komiti, anthu osamva aja."

"Wabwereza kawiri. Ankaopa kuti ubweranso kudzalalata." Zala zinapitirira. "Nanga uyu wa timisoko tothinanayu?"

"Nasiwelo. Ankanditenga ngati mfiti, koma ufa wake anayanika pansalu yanga. Mbuzi inadya pamenepo."

"Ankakuopa, koma taona mmene anakusokera. Uyu wa wayayu?"

Ndinawauza za Likisho ndi mpira. Ndinawauza za wosoka mabelo, ndipo iwo anati munthu ameneyu manja ankamunjenjemera, ine ndisanatchule za mwana. Ankafunsa, ine ndinkayankha, ndipo aliyense ndinkamukumbukira dzina, mudzi wake ndi chimene anandilakwira. Panali wosoka ndi ulusi wakuda poti woyera unamuthera, panali wamanzere, panali wina amene anamanga mfundo zokhazokha. Ine amene ndinkayang'ana madontho okha sindinadziwe kuti misoko yachuluka chotero. Nsalu inkadutsa pamiyendo pawo n'kumaunjikana pansi mbali inayo, ndipo mawu anga ankatsika pang'onopang'ono.

Kenako anafika mkati mwenimweni. Zala zinayenda pamsoko wautali uja, zinabwerera, zinayendanso.

"Nanga uyu?"

"Munthu wina wake wa panjira."

"Ayi. Uyu wakoka ulusi ngati akumanga mbuzi yakuba. Singano yake ndi yolakwika, sanafunse munthu, ndipo ankasoka akutukwana. Uyu ndikumudziwa."

"Munati ndisaikepo dzanja langa."

"Ndinaterodi. Ukanayamba ndiwe, enawa sakanapeza malo. Koma wabwera pomalizira, pamzere ngati anzako."

"Ndinkafuna muione, aphunzitsi," ndinatero, ndipo pamenepa misozi inandigonjetsa. "Ndi maso anu. Chimenecho chokha."

"Sindinaione, ndipo sindidzaiona. Wachedwa, mwana wanga, tisanamizane." Anasanjika chikhato pachigamba cha Nasiwelo. "Ndinakudikira pazenera mpaka zeneralo linazimirira. Koma ukanabwera ndi penti wako lero, ndikanangokhulupirira mawu ako. Izi ndawerenga ndekha."

"Ndiye ndakhoza kapena ayi?"

Anakweza mphuno m'mwamba ngati akununkhiza kanthu, ndipo nthawi yomweyo dontho loyamba linagwa pamalata.

"Mtedza wanga uli pabwalo," anatero akudzuka mopapasa. "Tandibwereka nsaluyi."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikane, monga ndinakhala ndikukanira dziko lonse popanda wondimvera. Koma iwo anali atagwira kale mbali imodzi n'kuyamba kutsika pakhonde, choncho ndinagwira inayo. Tisanafike pamtedza nsalu inakola pamsomali wa mzati, iwo osaona anakoka, ndipo ndinamva phokoso lija limene ndinkalidziwa kuposa dzina langa.

A Kaliwo anaima mvula ikuwagwera pamutu. Anapapasa mpaka anapeza pong'ambikapo, analowetsamo zala, n'kuseka.

"Apa ndisoka ndine. Singano ili pazenera."

Titaphimba mtedza ndi mbali yotsalayo, tinakokera pong'ambikapo pakhonde. Ndinakatenga singano, ndinanyowetsa nsonga ya ulusi ndi malovu, n'kuwalowetsera, chifukwa kabowoko sakanakaona.